Ku Koleji Atiphunzitse Kulemba, Osati Kukopera

Caka ciliconse timaperekeza anzathu a m'magulu athu amene apeza malo ku koleji. Timawaimbira nyimbo, timasonkha tindalama ta sopo ndi ta basi, ndipo makolo ao amayenda monyadira m'komboni monse. Ena amalowera ku yunivesite, ena ku makoleji a uphunzitsi, a unamwino ndi a zamalonda amene afalikira mu Lusaka muno. Koma pali cinthu cimodzi cimene ambiri a iwo sakamba akabwera pa holide. Kulemba kumawasautsa. Mnyamata amene pa msonkhano wa gulu amalankhula mphindi 20 osayang'ana pa pepala, akapatsidwa asainimenti ya masamba asanu amagwira m'mutu usiku wonse. Mtsikana amene amatipekera masewero oseketsa mpingo wonse, ku kalasi amabwezeredwa pepala lofiira ndi inki. Mapeto ake onse awiri amaphunzira njira yacidule, ndiyo kukopera.

Ena amati ana a masiku ano ndi aulesi. Ena amati vuto ndi Cingerezi. Ine ndikuti vuto lalikulu lili m'njira imene kulemba kumaphunzitsidwira m'caka coyamba ca ku koleji, ndipo ndikunena poyera kuti njira imeneyi isinthe. Wophunzira wa caka coyamba ayambe ndi kulemba nkhani, kufotokoza malo ndi anthu amene amawadziwa, kulemba makambirano a anthu, ngakhale ndakatulo. Kucokera pamenepo atsogoleredwe pang'onopang'ono kufikira atadziwa kulemba lipoti ndi esei ya maphunziro apamwamba. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kupukusa mutu. Khalani pansi, timvane.

Kumene matenda amayambira

Tiyeni tikumbuke mmene tinaphunzirira kompozishoni ku sekondale. Pa mayeso a Cingerezi a Giredi 12 tinkafunsidwa kulemba mau 250 mpaka 350. Kodi tinkakonzekera bwanji? Tinkagula timapamfuleti n'kuloweza ziganizo zokoma za anthu ena: poyambira pake, pothera pake, ndi miyambi ingapo ya Cizungu yoti tiwaze pakati ngati mcere. Mwana wobadwira ku Garden kuno, amene m'mawa amadzutsidwa ndi kukuwa kwa angwangwazi ndi kulira kwa wilibala ya wogulitsa malasha, amalemba kuti anadzutsidwa ndi mbalame zoimba m'mitengo ya maapozi. Mitengo ya maapozi ili pati m'Garden? Koma amakhoza, ndipo phunziro limene amatengapo ndi lakuti moyo wake weniweni si woyenera kuikidwa pa pepala.

Akafika ku koleji amapeza kosi ya caka coyamba imene m'malo ambiri imachedwa Communication Skills, kapena dzina lina lofanana nalo. Colinga cake ndi cabwino. Koma taonani zimene zimacitika m'makalasi ambiri. Mphunzitsi amaima kutsogolo n'kulembetsa manotsi: mitundu ya ndime, mitundu ya makalata, zigawo za esei, malamulo a kachulidwe ka mabuku, poika dzina la wolemba ndi poika caka. Pa mayeso amafunsa kuti, “Fotokozani tanthauzo la ndime.” Wophunzira amaloweza tanthauzolo, amakhoza, koma ndime yakeyake sanalembepo. Ine ndinadutsa m'kosi yotere, ndipo caka conse panalibe tsiku limene mmodzi wa ife anaimirira kuwerengera anzake zimene analemba. Zili ngati kuphunzitsa munthu kupalasa njinga pomulowezetsa maina a cheni, masipoko ndi mabuleki, njingayo itatsekeredwa m'nyumba.

Kenaka kumabwera asainimenti. Mutu wake ndi waukulu ngati phiri: zotsatira za umphawi pa citukuko ca maiko a mu Africa, kapena ubwino ndi kuipa kwa luso lamakono pa maphunziro. Mwana wa zaka 19 akuuzidwa kuti asenze mitolo itatu nthawi imodzi: nkhani imene saidziwa, cinenero cimene sanayamwire, ndi kalembedwe kamene sanakaonepo. Mtolo umodzi angausenze. Itatu imamugwetsa. Ndiye amatenga ndime m'buku ili, ndime ina pa intaneti, n'kuzisoka pamodzi ngati zigamba. Pepala likabwerako pali mamakisi ndi mau awiri ofiira m'mphepete. Palibe womuuza kuti alembenso. Sabata yotsatira kwabwera mutu wina.

Kuyambira mu November 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, ngakhale nchito yosoka zigambayo inatha. Munthu amangofunika foni ndi kabandulo. Ndipo mitu ikuluikulu yosakhudza malo enieni ndiyo imene makina amenewa amalemba mosavuta, m'Cingerezi cosalala bwino. Mphunzitsi amene akupitiriza kupereka mitu yotere akuconga nchito ya makina, ndipo kholo likulipira fizi kuti foni ya mwana ilandire dipuloma.

Kodi tikutaya ciani?

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya mamakisi cabe. Namwino akamaweruka amasiyira mnzake lipoti la wodwala. Ngati sanalembe momveka kuti mankhwala anaperekedwa nthawi yanji ndipo wodwalayo anasintha bwanji, moyo wa munthu uli pa ngozi. Wapolisi amalemba sitetimenti imene ingamasule munthu kapena kumumangitsa. Mphunzitsi amene sanaphunzire kulemba adzalowezetsa kalasi lonse monga mmene iye analowezera, ndipo matendawa adzapita ku mbadwo wina.

Nkhaniyi ili pafupi kwambiri ndi magulu athu. M'caka ca 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo gawo lina linapatulidwira magulu a acinyamata ndi a azimai. Ndalama zotere sizibwera cifukwa cakuti mwavutika. Zimapita kwa amene walemba momveka kuti vuto ndi ili, tidzacita izi, zidzadya ndalama zakuti, ndipo adzapindula ndi awa. Kodi ndi magulu angati m'makomboni mwathu amene ali ndi maganizo abwino, koma amakalipira munthu wa pa kompyuta kuti awalembere, n'kutulukako ndi pepala lofanana ndi la magulu ena onse amene anapita kwa munthu yemweyo?

Cinanso, nkhani ya komboni yathu imalembedwa ndi alendo. Amabwera pa galimoto, amafunsa mafunso masiku awiri, amajambula zithunzi za ngalande, n'kupita. Ife amene tinakulira m'mphepete mwa ngalandeyo, tikafika ku koleji timakopera malipoti ao kuti tifotokoze za kwathu. Kodi si zamanyazi zimenezi?

Vutoli silinayambire kwa ife

Kuti mudziwe kuti si umbuli wa mwana wa m'komboni, tamvani izi. M'caka ca 1874 yunivesite ya Harvard ku America inayamba kuyesa ofuna kulowa pa kulemba Cingerezi. Ambiri a iwo anali ana a mabanja opeza bwino, ocokera ku masukulu ochuka, ndipo Cingerezi cinali cinenero cao ca kunyumba. Pafupifupi theka analephera. Pofika 1885 Harvard inaika kosi ya kulemba m'caka coyamba kuti aliyense aziicita, ndipo makoleji ena a m'dzikolo anatengera. Kwa zaka zambiri kosiyo inali ya kusaka zolakwa ndi inki yofiira, ndipo madandaulo akuti ophunzira sadziwa kulemba sanathe.

M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ena kumeneko anayamba kufunsa funso losavuta: kodi anthu amene kulemba ndiyo nchito yao, olemba mabuku ndi atolankhani, amacita bwanji? Donald Murray, amene anali mtolankhani asanakhale mphunzitsi, analemba mu 1972 kuti kulemba kuziphunzitsidwa monga ulendo: kusonkhanitsa maganizo, kulemba koyamba, ndi kulembanso. Mu 1973 Peter Elbow anatulutsa buku lochedwa Writing Without Teachers, mmene analimbikitsa kuti munthu azilemba mphindi khumi osaima, osafufuta, osaopa kulakwitsa, ndiponso kuti olemba azikumana kuwerengerana ndi kuuzana zimene amva. Pambuyo pao Wendy Bishop, mphunzitsi wa pa Florida State University amenenso anali wolemba ndakatulo, anathera zaka zake za uphunzitsi akuonetsa kuti mpanda umene unamangidwa pakati pa kalasi la nkhani zopeka ndi kalasi la esei ndi wosafunika. Conco zimene ndikupempha si maloto anga. Zakhala zikuyesedwa kwa zaka zoposa 50.

Mmene zingayendere kwathu kuno

Ndisakambe za m'malere. Tiyerekeze temu imodzi ya wophunzira wocokera ku Garden.

Masabata oyamba mphunzitsi akuti: lembani tsamba limodzi za m'mawa wa tsiku limene mvula inalowa m'nyumba. Musandiuze kuti zinthu zinali zoipa, koma ndionetseni. Wophunzira akulemba kuti madzi anafika m'maondo, amai anakweza thumba la unga pamwamba pa kabati, ana anapita ku sukulu nsapato zili m'manja, ndipo pa mphambano panaima mnyamata wobereka anthu kumsana n'kumawalipiritsa. Anzake anai akumvetsera, kenaka akumufunsa: madziwo anacokera mbali iti? Inali nthawi yanji? Anauma patapita masiku angati? Iye akubwerera kukalembanso. Pamenepa waphunzira phunziro lalikulu kuposa onse a esei, lakuti mau opanda umboni ndi mphepo cabe. Amene wazolowera kulemba kuti “madzi anafika m'maondo” m'malo mwa “kunali mavuto ambiri” ndi yemweyo amene mawa adzalemba ciwerengero ndi caka m'malo mwa “anthu ambiri amati”.

Sabata ina mphunzitsi akuti: tsamba lomwe lija lisandutseni ndakatulo ya mizere 12. Musaseke. Kuti tsamba lonse lilowe m'mizere 12, wophunzira ayenera kusankha cimene cili mtima wa nkhaniyo ndi kutaya zotsala. Ayenera kuyeza liu lililonse ngati wogulitsa kapenta amene safuna kuti mbale isefukire. Luso limeneli ndi lomwe lija timalichula kuti kufupikitsa nkhani, ndipo ndi limene amafuna abwana pa nchito akanena kuti, “Ndiuze m'mizere itatu.”

Gawo laciwiri: pitani kwa munthu wacikulire wa m'dera lanu, mukhale naye pansi, akuuzeni mmene anafikira mu Lusaka, mmene anapezera malo omangapo, ndi kumene dzina la komboni linacokera. Lembani mau ake monga anawalankhulira. Apa wophunzira akuphunzira kufunsa, kumvetsera, kusiyanitsa mau ake ndi mau a mwini, ndi kulemba tsiku ndi malo amene anacezera. Agogo akanena kuti boma linayamba kuwazindikira “nthawi ya a Kaunda”, mphunzitsi akumutuma ku laibulale kuti akapeze caka, ndipo akukapeza lamulo la 1974 limene linalola kuti makomboni ena avomerezedwe ndi kukonzedwa. Kodi kumeneku si kufufuza? Kodi si kuchula gwero la mau? Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akudziwa cifukwa cake timachula gwero: mau a agogo ndi a agogo, ndipo kuwatenga ngati ako ndi kuba. Malamulo a kachulidwe ka mabuku akubwera pambuyo, ndipo akulowa mosavuta cifukwa apeza pokhala.

Gawo lacitatu: lembani mkangano wa pa cimbudzi cimodzi cimene mabanja asanu akugwiritsa nchito, koyamba monga mwini nyumba, kaciwiri monga wocita lendi. Aliyense akhale ndi mfundo zomveka, ndipo musapange mmodzi kukhala citsiru. Iyi ndi nkhani yopeka, inde. Koma amene wakwanitsa kulowa m'mutu mwa alandilodi amene amakangana nao mwezi ndi mwezi, sadzavutika pamene esei idzamufunsa kuti afotokoze mwacilungamo maganizo a amene akutsutsana naye asanawayankhe.

Gawo lacinai ndilo mlatho. Mphunzitsi akuti: tengani zonse mwalembazi, muzisandutse kalata ya tsamba limodzi yopita kwa akansala, kenaka esei ya masamba asanu yochula mabuku ndi malipoti. Tsopano wophunzira ali ndi mafunso akeake. Ngalande ya Bombay, imene inakonzedwa ndi thandizo la boma la America pakati pa 2013 ndi 2018, imadutsa kwathu kuno. Nanga n'cifukwa ciani madzi amalowabe m'nyumba zina? Ndi zinyalala zimene timataya, ndi kamangidwe ka nyumba, kapena ndi kusowa kwa tingalande ting'onoting'ono tolumikiza? Kolera inabuka mu October 2017, n'kubweranso mu October 2023. Ulendo waciwiriwu inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse n'kupha oposa 700, bwalo la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira February 2024. N'cifukwa ciani matendawa amakonda makomboni omwewo? Wophunzira wotere akalowa m'laibulale amawerenga ngati munthu wanjala, pakuti akufuna yankho. Esei yake idzakhala ndi mutu, thunthu ndi miyendo, cifukwa inayamba ndi funso lenileni. Ndipo foni singamulembere, pakuti sinakhale pa mphasa ndi agogo aja. Ikayesa kupeka, mafunso awiri a mphunzitsi adzaulula bodzalo.

Tiyankhe otsutsa

Woyamba ndi kholo. Akuti, “Sindinakongole ndalama kuti mwana wanga azikalemba nthano. Nthano nza ana.” Atate ndi amai, ndi ulemu wonse, taonani anthu awa. Dominic Mulaisho anatulutsa buku la nkhani yopeka lochedwa The Tongue of the Dumb mu 1971, ndipo munthu yemweyo anakhala bwanamkubwa wa Bank of Zambia kuyambira 1992 mpaka 1995. Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka muno, anapambana mphotho ya Caine mu 2015 ndi nkhani yaifupi. Buku lake la 2019, The Old Drift, limene mbali ina imacitikira ku Kalingalinga, linamveka m'maiko ambiri, ndipo pambuyo pake anakhala pulofesa pa Harvard pomwe paja. Mubanga Kalimamukwento, amene analemba The Mourning Bird, nkhani ya mwana wa mumsewu mu Lusaka, anaphunzira zamalamulo. Kodi nthano zinawaononga mitu anthu amenewa? Nkhani za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo, zimene makolo athu ankamvetsera pa wailesi m'Cinyanja, zinali zozama kotero kuti Ernst Wendland anazifufuza n'kulandira nazo digiri ya PhD mu 1979. Mukudziwanso kuti mneneri Natani sanapite kwa Davide ndi mndandanda wa malamulo. Anapita ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa, ndipo mfumu inadziweruza yokha. Nkhani yokonzedwa bwino imagwira munthu pamene mfundo zouma zimalephera.

Waciwiri ndi mphunzitsi wa ku koleji, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Akuti yunivesite ili ndi kalankhulidwe kake, ndipo mwana wa wosauka ndiye afunika kuphunzitsidwa kalankhulidwe kameneko msanga, pakuti kunyumba alibe womuthandiza. Kumusiya akulemba za moyo wake ndi kumutsekera khomo. Pa nkhani yonga imeneyi ndi pamene David Bartholomae anatsutsana ndi Peter Elbow, ndipo mkangano wao unasindikizidwa mu 1995. Mbali ina ya mfundoyi ndi yoona: kosi imene imathera pa ndakatulo osafika pa esei yabera wophunzira. N'cifukwa cake ndaika mlatho uja, ndipo mamakisi ambiri akhale pa esei yomaliza. Koma funso ndi lakuti khomo lolowera ndi liti. Njira ya manotsi ndi mitu ikuluikulu takhala nayo zaka zonsezi. Kodi yatipatsa ophunzira oganiza m'kalankhulidwe ka yunivesite, kapena ongobwereza mau ake akuluakulu osadziwa cimene akunena? Mmisiri saphunzitsa mnyamata kukhoma denga asanadziwe kuongola mzere wa njerwa.

Wacitatu akuti, “M'kalasi muli anthu mazana. Ndani angaconge nkhani zonsezo kawirikawiri?” Zoona, makalasi ndi odzaza, ndipo aphunzitsi athu ndi otopa. Koma njira imeneyi siika katundu yense pa mphunzitsi. Ophunzira amagawidwa m'timagulu ta anthu asanu, amawerengerana, amakonza, ndipo pa mapeto a temu mphunzitsi amaconga zolemba zitatu kapena zinai zimene mwini wasankha. Mutu umodzi susenza denga. Ku Malawi, mu 1970, ophunzira a pa Chancellor College pamodzi ndi aphunzitsi ocepa anayamba gulu lokumana sabata ndi sabata kuwerengerana zolemba. M'gulu limenelo munatuluka Jack Mapanje, wolemba ndakatulo wochuka amene anakhalanso katswiri wa zinenero ndi mkulu wa dipatimenti ya Cingerezi pa koleji yomweyo. Munatulukanso Frank Chipasula, amene anadzamalizira digiri yake yoyamba pa UNZA pano. Kwathu kuno, m'zaka zomwezo, ophunzira a pa UNZA ndi mphunzitsi wao Michael Etherton anayambitsa masewero a Chikwakwa, n'kumawatengera kwa anthu m'matauni ndi m'midzi. Sanadikire ndalama zambiri. Zimene anali nazo ndi gulu, tsiku lokumana, ndi mtima wosaopa kudzudzulana.

Wacinai akuti vuto ndi Cingerezi basi. Inde, ambiri a ife timaganiza m'Cinyanja kapena m'Cibemba. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo ngakhale ndondomeko za makalasi oyamba zakhala zikusinthasintha, ku koleji Cingerezi ndico cilamulira. Koma munthu sangamasulire ganizo limene alibe. Mphunzitsi alole kuti kulemba koyamba kukhale m'cinenero cimene cili pafupi ndi mtima, ngakhale Cinyanja cathu ca m'tauni cosakaniza, kenaka wophunzira asamutsire m'Cingerezi pa ulendo waciwiri. Galamala ikonzedwe pa mapeto, monga timasesa nyumba tikamaliza kumanga. Amene akukonza ciganizo cakecake cimene akufuna kuti anzake acimve amagwira lamulo la galamala msanga kuposa amene akudzaza mipata m'ziganizo za m'buku.

Ndili ndi cenjezo limodzi kwa aphunzitsi amene angayese njirayi. Kulemba za kwathu si kuulula za kucipinda. Pakati pathu pali ana amasiye, pali amene anazunzidwa, pali amene anataya abale ku matenda. Wophunzira asakakamizidwe kutsegula bala lake pamaso pa kalasi kuti apeze mamakisi. Apatsidwe ufulu wosankha mutu, wosintha maina, ndi wopeka. Apa ndi pamene nkhani yopeka imathandiza kwambiri, pakuti munthu amatha kunena zoona atabisala kumbuyo kwa dzina lina.

Nanga ife ticite ciani?

Inu amene muli kale ku koleji, musamangong'ung'udza m'mahositelo. Pitani kwa oimira kalasi, lembani kalata yaulemu kwa mkulu wa dipatimenti, mupemphe zinthu zitatu. Coyamba, asainimenti imodzi pa temu ikhale yocokera ku zimene mwaona ndi kufunsa nokha. Caciwiri, muloledwe kulembanso pepala mutalandira ndemanga za aphunzitsi. Cacitatu, pakhale timagulu towerengerana. Zimenezi sizifuna nyumba yatsopano kapena ndalama za kunja. Ndipo inu amene mukuphunzira uphunzitsi, kumbukirani kuti posacedwa coko cidzakhala m'manja mwanu.

Inu amene mwamaliza sekondale ndipo mukudikira zotsatira kapena malo, miyezi imeneyi musaithere pa foni. Gulani kope la mtengo wocepa. Tsiku lililonse lembani mphindi khumi osaima: zimene munamva m'minibasi, mkangano wa pa pompi, mmene amai amawerengera ndalama za pa kantemba madzulo. Musafufute, musadziweruze. Pa Loweruka sankhani cidutswa cimodzi, mucilembenso bwino. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Atsogoleri anzanga a magulu, pa misonkhano yathu timapeza nthawi ya kwaya, ya masewero ndi ya mpira. Tipatule theka la ola kawiri pa mwezi. Anthu awiri kapena atatu awerenge zimene alemba, ndipo omvera ayankhe mafunso atatu okha. Ndi mau ati amene akukhalira m'mutu? Ndi pati pamene unasokera? Ukufuna kumva zambiri za ciani? Kuseka Cingerezi ca mnzathu kuletsedwe, ndipo wofuna kulemba m'Cinyanja alembe. Masewero amene timapeka pakamwa n'kuwaiwala tiyambe kuwalemba m'kope la gulu. Buku limodzi la wolemba wa m'dziko lathu, kaya Patchwork la Ellen Banda-Aaku kapena ena ndachulawa, lizizungulira m'manja mwa onse, kuti mwana wa m'komboni aone ndi maso ake kuti misewu ya Lusaka imalowa m'mabuku.

M'mera mpoyamba. Caka coyamba ca ku koleji ndico cimaumba munthu kukhala woganiza kapena wokopera, ndipo cizolowezi cimene watenga m'caka cimeneco amalowa naco m'cipatala, m'kalasi ndi mu ofesi. Ife a ku Garden, Kanyama, Matero, Chawama, Mtendere ndi George timafika ku koleji tili ndi maso amene aona zambiri ndi makutu amene amva zambiri. Aphunzitsi athu olemekezeka, yambirani pa zimene tabwera nazo, ndipo mudzatifikitsa kumene mukufuna. Inu anzanga, musadikire kuti makoleji asinthe kaye. Tengani kope ndi bolopeni muyambe sabata ino. Amene sakugwirizana nane alembere mkonzi, koma alembe ndi dzanja lake ndi mutu wake.